Galu wodya nyama yaiwisi akamafookera panjira pokonzekera mayeso a makilomita 20

Zimayamba bwinobwino. Masabata awiri oyamba galu amathamanga pambali pa njinga mosangalala, chingwe chili lende, inu mukungopalasa. Kenako tsiku lina, mutangodutsa makilomita 6 kapena 7, mukumva chingwe chikukokera kumbuyo. Kucheuka, lilime latuluka lonse, mutu wagwa, zikhadabo zakumbuyo zikukwakwaza pansi. Mukamupumitsa masiku awiri amabwerera mwakale, koma sabata yotsatira zomwe zija zabweranso, pamtunda womwe uja. Kunyumba nako chimbudzi chake sichikhazikika: lero cholimba, choyera ngati choko, mawa chamadzimadzi.

Zikatere ambiri timathamangira kuwonjezera nyama m'mbale, poganiza kuti galu sakukhuta. Ine ndinatero ndi galu wanga woyamba. Ndinawonjezera nyama, ndinawonjezera chiwindi poti ndinamva kuti chimapatsa magazi, ndinasinthanso nthawi yomudyetsa, zonsezi sabata imodzi. Anatsegula m'mimba masiku anayi, ine n'kusowa pogwira, chifukwa ndinali nditagwedeza zinthu zitatu nthawi imodzi. Chiyambire pamenepo ndimasintha chinthu chimodzi, n'kudikira masiku asanu kapena sabata, ndisanakhudze china. Ndipo mbale ndimaisiya kaye, ndimayamba ndi kukamwa kwa galu.

Mayeso amene ambiri amakonzekerawa anachokera ku Germany, kumene amawatcha Ausdauerprüfung, mwachidule AD, ndipo amadziwika kwambiri kudzera ku bungwe la SV loona za agalu a mtundu wa German Shepherd. Galu amathamanga makilomita 20 kudzanja lamanja la njinga, pa liwiro la makilomita 12 mpaka 15 pa ola. Akatha makilomita 8 amapuma mphindi 15, akatha ena 7 amapuma mphindi 20, kenako amamaliza 5 otsalawo. Popuma paliponse woweruza amayang'ana ngati galu watopa mopyola, amayang'ananso mapazi ake, ndipo wosupuka mapazi amachotsedwa pomwepo. Galu ayenera kukhala atakwanitsa miyezi 16, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 22 mayesowo sachitika. Ku Australia mtunda ndi womwewo koma amaugawa 8, 6 ndi 6, pa liwiro la makilomita 10 pa ola, ndipo galu amayenera kukhala atakwanitsa zaka ziwiri. Ndafotokoza malamulowa chifukwa amakuuzani kale pamene agalu amathyokera: msinkhu, kutentha, mapazi, liwiro. Amene anawalemba anaona agalu ambiri akufookera panjira kuposa inu ndi ine.

Yambani ndi nkhama

Kwezani mlomo wa galu muyang'ane nkhama zake ali chipumire, asanathamange. Ziyenera kukhala zofiirira bwino, zonyowa. Dinani ndi chala: payera pang'ono, koma mtundu ubwerere masekondi awiri asanakwane. Ngati nkhama zili zotuwa, zoyera ngati pepala kapena zachikasu, siyani zonse zimene zalembedwa m'munsimu mupite kwa dokotala wa ziweto. Galu wochepa magazi amafooka pamtunda ngakhale mumudyetse bwanji, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi matenda obwera ndi nkhupakupa, monga babesiosis ndi ehrlichiosis, kapena njoka za m'mimba zoyamwa magazi. Galu wotsokomola akathamanga, kapena amene anakomokapo, nayenso ndi wa kwa dokotala, akamupime mtima. Ngati galu wanu sanakwane chaka ndi miyezi ingapo, vuto ndi inu: mafupa a agalu akuluakulu amamaliza kukula pakati pa miyezi 12 ndi 18, ndipo kumuthamangitsa mtunda wautali nthawiyo isanakwane n'kumuwonongera mfundo za miyendo.

Nkhama zikakhala bwino, funso lotsatira ndi la nthawi imene mumathamanga. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu. Amadziziziritsa ndi kupuma mwawefuwefu, thukuta limangotuluka pang'ono kumapazi. Inu muli panjinga mphepo ikukupepesani, iye ali pafupi ndi nthaka yotentha, atavala ubweya, minofu yonse ikutulutsa moto. Kunja kukakhala kwa chinyontho zimaipiratu, chifukwa kuwefuka sikugwiranso ntchito bwino. Kutentha kwa thupi la galu wabwinobwino kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.2, ndipo kukapitirira 41 moyo wake uli pachiswe. Galu wotenthedwa mumamuonera lilime: limatalika, limatambasuka kunsonga ngati supuni, limafiira kwambiri, dovu limakhala lonanda. Amayamba kukokera kumthunzi uliwonse umene waona. Akayamba kudzandira, imani, muikeni pamthunzi, muthireni madzi ozizira thupi lonse mpaka afike pakhungu, makamaka kumimba ndi m'mphechepeche, mumukupize. Musamufunditse nsalu yonyowa, imatsekera kutentha mkati. Yambani mwamuziziritsa, kenako muthamangire naye kwa dokotala ngakhale akuoneka kuti watsitsimuka. Njira yosavuta yodziwira ngati vuto ndi kutentha ndi iyi: sunthirani ulendo wanu m'bandakucha kwa sabata imodzi, osasintha china chilichonse. Agalu ambiri "ofooka" amachira ndi zimenezi zokha.

Chimene chimbudzi chikukuuzani

Apa ndi pamene ndimakhalitsa, chifukwa wodyetsa galu zaiwisi alibe chikalata cha pathumba choti awerenge monga amachitira wogula chakudya chopangiratu. Chikalata chake ndi chimene galu wasiya pansi m'mawa. Si ntchito yosangalatsa, koma kamtengo kamodzi ndi mphindi imodzi zimakupulumutsani ku masabata ongoganizira.

Ambiri amatsata muyezo wa magawo 80 pa 100 nyama, 10 mafupa, 10 zam'kati, ndipo pa zam'katizo theka lokha ndiye chiwindi. Chakudya cha tsiku chimakhala magawo 2 kapena 3 pa 100 a kulemera kwa galu. Muyezowu ndi poyambira chabe, sukutsimikizira kuti galu akupeza zonse zofunika m'thupi, koma umathandiza kuona pamene mwaphonya. Tengani galu wa makilogalamu 30 amene akudya magalamu 750 patsiku. Mafupa ake ndi magalamu 75 basi, chiwindi chosakwana magalamu 40. Kachidutswa kakang'ono zedi, kokwana pachikhatho n'kutsala malo. Anthu ambiri amene ndawaona akudandaula za kutsegula m'mimba amapereka chiwindi chochuluka katatu kapena kanayi kuposa pamenepa, chifukwa amayeza ndi maso.

Chimbudzi choyera, chouma, chonyenyeka mukachigunda, galu akuchita kudzikakamiza kuti chituluke: mafupa achuluka. Cholakwika chofala n'kuiwala kuti phiko kapena msana wa nkhuku si nyama yokhala ndi kafupa, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi fupa. Magalamu 160 a mapiko akwaniritsa kale gawo la mafupa la galu wathu uja. Mukamupatsa mbale yonse ya misana ya nkhuku, mwamudyetsa mafupa ochuluka kanayi kuposa ofunika. Galu wodzimbidwa sathamanga momasuka. Amaimaima, amapinda msana, inu n'kumati watopa. Chepetsani mafupa, muwonjezere nyama yopanda fupa, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu muyenera kuona kusintha. Akatha masiku awiri osachita chimbudzi, akusanza kapena akukana chakudya, imeneyo si nkhani ya kunyumba, mwina fupa latsekereza m'matumbo.

Chimbudzi chamadzimadzi, chakuda mobiriwira, chonunkha kwambiri, chobwera tsiku lotsatira atadya zam'kati: chiwindi kapena impso zachuluka. Musapereke gawo la sabata yonse tsiku limodzi, ligaweni tizidutswa tsiku ndi tsiku. Chiwindi chochuluka kwa nthawi yaitali chili ndi vuto linanso, vitamini A amaunjikana m'thupi mpaka kuwononga mafupa. Koma siyanitsani bwino kuda kumeneku ndi chimbudzi chakuda bii, chomata ngati phula. Chimenecho ndi magazi ochokera m'mimba kapena m'matumbo a kumtunda, ndipo n'chofunika dokotala tsiku lomwelo.

Chimbudzi chotuwa, chonyezimira mafuta, chofewa: mafuta achuluka, kapena mwawawonjezera mofulumira. Chokhala ndi chinanda ngati mamina kamodzi mwa apo ndi apo, makamaka mutasintha mtundu wa nyama, sichidetsa nkhawa. Chikapitirira masiku atatu, kapena mukaona magazi, tengani pang'ono m'kabotolo dokotala akachipime.

Palinso kulakwitsa kwa mbali ina, kumene chimbudzi sichikuululirani msanga. Wina akaopa mafupa amawachotseratu, n'kumapereka nyama yokhayokha. Nyama ili ndi fosiforasi wambiri koma kashiamu wochepa kwambiri, pomwe galu amafuna kashiamu wochulukirapo pang'ono kuposa fosiforasi. Thupi likasowa kashiamu limamutenga m'mafupa a galu mwiniwakeyo. Miyezi ikapita mafupa amafooka, galu amayamba kutsimphina mosadziwika bwino, lero mwendo uwu mawa winawo. Ngati galu wanu sangadye mafupa, pamafunika kashiamu wowonjezera woyezedwa bwino, ndipo muyezo wake ukhale wochokera kwa dokotala. Mafupa ophika asafike m'mbale n'komwe, amasweka tizipatsu takuthwa. Mafupa akuluakulu a miyendo ya ng'ombe nawo, ngakhale aiwisi, amathyola mano akumbuyo, ndipo galu wa dzino losweka amadya monyinyirika mpaka kuwonda.

Galu wina chimbudzi chake chimakhala chabwinobwino kunyumba, koma akangothamanga makilomita angapo amaima n'kutsegula. Ameneyo vuto si chakudya, ndi nthawi yodyera. Pothamanga magazi amachoka kumatumbo kupita kuminofu, ndiye chakudya chimene chili m'njira chimangodutsa chosagayika bwino. Ngati mumathamanga m'mawa, chakudya chachikulu achidye dzulo lake madzulo, ndipo musananyamuke muyende naye pang'ono kuti adzithandize. Mukabwerako musathamangire mbale. Apume kaye kwa ola, kuwefuka kuthe. Izi n'zofunikanso pa chifukwa choopsa kwambiri. Agalu a chifuwa chakuya monga German Shepherd, Dobermann ndi Great Dane amatha kupotokola chifu: mimba imafufuma n'kulimba ngati ng'oma, galu amachita ngati akusanza koma osatuluka kanthu, dovu lili chuchuchu, akulephera kukhazikika. Zimenezi zimapha m'maola ochepa, ndipo mankhwala ake ndi opaleshoni basi.

Mafuta

Tsopano tifike pa funso limene ambiri amayambira: kodi akukhuta? Yezani ndi manja. Nthiti muzizimva mosavuta pansi pa kamnofu kochepa, chiuno chizioneka mukamuyang'ana kuchokera pamwamba. Ngati mafupa a m'chiuno ndi a pamsana ayamba kutuluka, chakudya chachepadi. Ngati nthiti mukuchita kuzifufuza ndi zala, galu wanu sakufooka ndi njala, wanyamula katundu. Muikeni pasikelo sabata iliyonse, tsiku limodzimodzi, chifukwa maso a mwini galu amanama.

Ngati akuwondadi, chimene chikusowa nthawi zambiri si nyama koma mafuta. Galu pamtunda wautali amayendera mafuta kwambiri kuposa mmene munthu amachitira, ndipo galamu imodzi ya mafuta ili ndi mphamvu yoposa kawiri ya galamu ya mapuloteni. Amene amasenda khungu la nkhuku ndi kudula mafuta onse, poganiza kuti akumuchitira zabwino galu, amakhala akumumana chimene akufunikira kwambiri pa kilomita ya 12. Bwezeretsani khungu, musankhe nyama yonona pang'ono. Koma pang'onopang'ono, supuni imodzi lero, masiku angapo osawonjezera, kenako ina. Mafuta ambiri obwera mwadzidzidzi amatha kutupitsa kapamba, matenda opweteka kwambiri amene galu amasanza, n'kupinda msana, n'kukaniratu chakudya. Komanso thupi limatenga masabata angapo kuti lizolowere kuyendera mafuta, choncho kusintha kumeneku kuchitike mayeso akadali kutali. Sabata yomaliza si yoyesera zatsopano, ngakhale mnzanu akulimbikitseni bwanji.

Za madzi ndingonena mwachidule. Galu amafuna pafupifupi mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse patsiku, koma wodya zaiwisi amamwa pang'ono chifukwa nyama yaiwisi mbali yake yaikulu ndi madzi. Zimenezi zili bwino masiku wamba, koma tsiku lothamanga zimamuchepera. Thirani madzi m'chakudya chake cha madzulo, ndipo panjira muzimupatsa pang'onopang'ono popuma paliponse, osati kumusiya amalize mbale yonse ali wefuwefu.

Mapazi ndi kayendedwe

Tsiku lina ndinabwerako ndi galu wanga pa makilomita 9 ndili wokhumudwa, poti anali atakana kupitirira. Anagona pansi n'kuyamba kunyambita phazi lakutsogolo mosalekeza. Nditalitembenuza ndinapeza kachikopa kakang'ono ngati chikhadabo cha chala changa katasupuka pakati pa phazi, pansi pake pali pofiira, ponyowa. Panalibe magazi, ndipo panjira sanatsimphine n'komwe, anangochepetsa liwiro. Ndinali nditamuimba mlandu wa ulesi kwa makilomita awiri.

Chiyambire pamenepo mapazi onse anayi ndimawayang'ana tisananyamuke ndi tikabwerako, mpaka pakati pa zala pomwe pamabisala minga ndi timiyala. Msewu wa phula umadya mapazi ngati chopalira, makamaka ukatentha. Ikani kunja kwa dzanja lanu paphulapo. Ngati simungapirire masekondi asanu, galu asapondepo. Chikopa cha kuphazi chimalimba pang'onopang'ono, choncho yambirani pa dothi ndi pa udzu, phula muzilowetsa pang'ono sabata ndi sabata, chifukwa pa mayeso akhoza kukumana nalo. Phazi likasupuka, litsukeni, galu apume mpaka chikopa chatsopano chitalimba, nthawi zambiri sabata imodzi kapena ziwiri. Zikhadabo zazitali, zomveka kuti khwa khwa poyenda pasimenti, zimasintha kapondedwe ka phazi. Ziwengeni.

Kenako pemphani wina akujambuleni vidiyo kuchokera m'mbali. Galu woyenda bwino pa liwiro la mayeso amaponya mwendo wakutsogolo wakumanja pamodzi ndi wakumbuyo wakumanzere, kenako enawo, msana uli phee. Kayendedwe kameneka ndi kamene kamasunga mphamvu. Mukaona miyendo ya mbali imodzi ikupita limodzi, thupi likupendama uku ndi uku, ndiye kuti watopa, kapena penapake pakumupweteka, kapena mukupalasa pang'onopang'ono kwambiri moti sangathe kulowa m'kayendedwe kake. Akamalumphalumpha ngati akuthamangitsa chinthu, mwafulumira, ndipo mphamvu za makilomita 20 zithera pa 5 oyamba. Vuto limeneli ndi lofala kwa agalu achangu: amanyamuka ndi moto, mwini n'kusangalala, n'kumapalasa mowatsatira. Gwirani mabuleki kilomita yoyamba. Liwiro muziika ndi inu.

Zonsezi zikakhala bwino koma galu akufookabe pamtunda womwe uja, yang'anani kabuku kanu ka maulendo. Ngati mulibe kabuku, yambani lero: tsiku, mtunda, nthawi, mmene kunja kunalili, chimene anadya, chimbudzi chake. Nthawi zambiri mudzapeza kuti munalumpha kuchoka pa makilomita 4 kufika pa 8 m'sabata imodzi, kapena mumathamanga tsiku ndi tsiku. Mapapo ndi mtima zimazolowera msanga, koma mitsempha, mfundo ndi mapazi zimachedwa. Katatu pa sabata n'kokwanira, ndi tsiku lopuma pakati. Bwererani pamtunda umene amamaliza mchira uli m'mwamba, mukhalepo sabata yonse, kenako muziwonjezera kilomita imodzi kapena iwiri pa sabata, ndipo sabata yachinayi iliyonse muchepetse. Phunzitsaninso kupuma kwa mphindi 15 kuja, chifukwa agalu ena amauma miyendo akapuma n'kuvutika kunyamukanso. Simukufunika kuthamanga makilomita 20 onse mobwerezabwereza musanapite ku mayeso. Galu amene akumaliza 15 mosavuta, n'kudzuka mawa lake ali wosangalala, otsalawo awakwanitsa.

Kutsegula m'mimba kobwerabwera

Pali mtundu wina wa kutsegula m'mimba umene sugwirizana ndi chilichonse cha m'kabuku, umangobwera pakapita masabata awiri kapena atatu. Pamenepo yang'anani kasungidwe ka nyama. Nyama yaiwisi imatha kukhala ndi tizilombo monga Salmonella, Campylobacter, Listeria ndi E. coli, ndipo kuiumitsa mufiriji sikuzipha, kumangoziletsa kuswana. N'chifukwa chake bungwe la madokotala a ziweto ku America, AVMA, mu 2012 linakhazikitsa mfundo yosalimbikitsa kudyetsa agalu ndi amphaka nyama yaiwisi. Kaya mumagwirizana nawo kaya ayi, chiopsezocho n'chenicheni, kwa galu ndi kwa anthu a m'nyumba, chifukwa galu amatha kutulutsa tizilomboti m'chimbudzi iye osadwala. Ngati pakhomo pali khanda, mayi woyembekezera, okalamba kapena wina wofooka m'thupi, ine ndingakuuzeni mosabisa kuti muziphika nyamayo, mafupa muchotse, kashiamu mupereke mwa njira ina.

Amene mukupitiriza, gawani nyama m'timapaketi ta tsiku limodzi musanaiumitse, muziisungunulira mufiriji osati panja, m'chotengera chotseka, pashelefu yapansi kuti madzi ake asadonthere zakudya zina. Chimene galu sanadye pakatha mphindi 20 chichotseni. Mbale, mpeni ndi thabwa lodulirapo zikhale zakezake, zitsukidwe ndi madzi otentha ndi sopo akangomaliza kudya. Mbale yapulasitiki yokalikakalika itayeni, m'mikwingwirima yakemo ndi mmene mumabisala tizilombo; yachitsulo imatsukika bwino. Zam'kati zaiwisi za nkhosa ndi ziweto zina zimatha kupatsa galu njoka zam'mimba za mtundu wa Echinococcus, zimene zimadwalitsanso anthu, choncho musapereke chiwindi kapena mapapo okhala ndi timatuza tamadzi, ndipo mankhwala a njoka amene mukupereka akhale ndi praziquantel, chifukwa ena ambiri sagwira njoka zamtunduwu. Galu akatsegula m'mimba, asathamange mpaka atachita chimbudzi cholimba masiku awiri otsatizana, ndipo ulendo woyamba akachira ukhale theka la umene anasiyira.